Ndalama za opaleshoni tasonkha, nanga chitsulo chikadzayamba kugwedera?

Lero sindikamba za mayeso a MSCE kapena za nyumba za aphunzitsi zodontha. Ndikufuna tikambirane za mafupa, makamaka za chitsulo chimene madokotala amaika m'chiuno mwa munthu fupa lake likawonongeka.

Tonse tikudziwa mmene zimayendera. Kale pepala linkazungulira mu staff room, masiku ano uthenga umabwera pa WhatsApp, kunena kuti uje chiuno chafika poipa, madokotala akuti akaikidwe chitsulo, tiyeni tisonkhe. Timasonkhadi, ena mpaka kukongola ku SACCO. Wodwala amapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena ku India kapena ku South Africa, amabwerako akuyenda, tonse nkuthokoza Mulungu, gulu la WhatsApp lija nkulitseka. Mfundo yanga ndi yakuti timalitseka msanga. Chitsulo chija si chamuyaya. Pakapita zaka chikhoza kuyamba kugwedera m'fupa monga limachitira khasu mu mpini, ndipo ife amene timasonkherana za opaleshoni sitikonzekera za tsiku limenelo ngakhale pang'ono.

Poyamba ndifotokoze chimene chimaikidwa, paja mphunzitsi sayamba phunziro osajambula pa bolodi. Pomwe fupa la ntchafu limakumana ndi fupa la chiuno pali ngati musi ndi mtondo. Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira, ndipo umazungulira m'kabowo kooneka ngati chikho. Pa opaleshoni, dokotala amadula mutu wowonongekawo nkulowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa la ntchafu, momwe mumakhala mafuta a m'fupa muja. Pamwamba pa chitsulocho pamakhala kampira ka chitsulo kapena ka ceramic. M'kabowo muja amaikamo kambale, ndipo kawirikawiri m'kati mwa kambaleko mumakhala pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene. Kuti zonsezi zigwire pali njira ziwiri. Ina ndi yothira simenti ya mafupa, yomwe siimata ngati guluu ayi, imangodzaza mipata ngati matope pakati pa njerwa. Ina ndi yogwiritsa ntchito chitsulo chokhakhala kunja kwake, kuti fupa lenilenilo limere nkuchigwira lokha.

Amene adakhazikitsa opaleshoniyi mmene tikuidziwira lero ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington. Mbiri yake ndimaikonda chifukwa vuto limene tikukambali adakumana nalo pachiyambi pomwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 iye ankapanga kambale kaja ndi Teflon, pulasitiki yoterera yomwe imamatidwa m'mapoto ndi m'mapani kuti chakudya chisamakanirire. Odwala pafupifupi 300 adaikidwa zimenezi ndipo poyamba adayenda bwino ndithu. Patangopita zaka zochepa Teflon ija idaperepeseka, tizidutswa take nkuwononga minofu ndi fupa, ndipo Charnley adayenera kubwereza maopaleshoni ambiri. Pofuna kutsimikiza kuti tizidutswato ndi timene tinkatupitsa minofu, adadzibaya nato m'ntchafu mwake momwe. Mu 1962 adasintha nkuyamba kugwiritsa ntchito polyethylene, ndipo zinthu zidayenda bwino kwambiri. Koma ngakhale zidatero, bamboyu ankazengereza kuchita opaleshoniyi pa anthu achichepere amphamvu zawo, podziwa kuti adzachitha chitsulocho iwo akadali moyo. Ankapemphanso odwala ake kuti akadzamwalira adzalole chitsulo chija kuchotsedwa kuti achiunike. Munthu amene adachipanga sankachiona ngati nkhani yotha.

Nanga chimagwedera bwanji? Apa ndi pamene Physical Science ndi Biology zimakumana, ndiye ana anga a Fomu 4 akale tcherani khutu. Mukaponda pansi poyenda, mfundo ya m'chiuno imasenza katundu wolemera kawiri ndi theka kapena katatu kuposa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 70 ndiye kuti akusenzetsa mfundoyo makilogalamu pafupifupi 200 pa sitepe iliyonse. Pa chaka chimodzi munthu woyendayenda amaponda koposa miliyoni imodzi. Nthawi iliyonse kampira kaja kakakhula pa pulasitiki, kafumbi kosaoneka ndi maso kamachoka. Polyethylene yakale inkatha pafupifupi 0.1 milimita pa chaka. Mukhoza kuseka kuti nzochepa, poti pa zaka 15 ndi milimita imodzi ndi theka basi. Koma vuto si kuchepa kwa kambale. Vuto ndi komwe fumbi lija limapita.

Tizidutswato ndi ting'onoting'ono ngati mabakiteriya, ndipo timachuluka kufika mabiliyoni. Asilikali a m'thupi otchedwa macrophages amationa ngati adani nkutimeza. Koma pulasitiki siigayika. Asilikali aja akalephera kuigaya amatulutsa timadzi toitana anzawo, ndipo timadzi timeneti timadzutsanso maselo ena otchedwa osteoclasts. Mukukumbukira tidaphunzira kuti fupa ndi chinthu chamoyo, lili ndi omanga ndi ogumula omwe amagwira ntchito molingana moyo wonse? Osteoclasts ndiwo ogumulawo. Akadzutsidwa mopyola muyeso amayamba kudya fupa lozungulira chitsulo, omanga osakwanitsa kubwezeretsa. Madokotala amazitcha osteolysis. Ine ndimaziyerekeza ndi chiswe mu mzati wa nyumba. Kunja mzati umaoneka wabwinobwino pamene m'kati watsala khungwa lokha.

Pali zifukwa zinanso. Nthawi zina chitsulo sichinagwire bwino kuyambira pa tsiku loyamba. Nthawi zina chitsulo cholimba chimasenza katundu yense ndipo fupa la pambali, posowa ntchito, limayamba kupyapyala, pakuti fupa losagwiritsidwa ntchito thupi limalichepetsa. Kugwa nakonso kukhoza kuthyola fupa kapena simenti. Ndipo palinso tizilombo toyambitsa matenda, tomwe tikakhazikika pa chitsulo mankhwala amavutika kutifikira. Kugwedera kobwera ndi tizilomboku ndi koopsa kwambiri ndipo chithandizo chake nchosiyana.

Tsono chinthu chimene chimandidetsa nkhawa nchakuti kudyeka kwa fupa kuja kawirikawiri sikupweteka poyamba. Munthu amayenda, amalima, amaima pa bolodi tsiku lonse, osamva kanthu. X-ray yokha ndi imene ingaonetse kamzere kakuda pakati pa chitsulo ndi fupa, kapena kusonyeza kuti kampira kasendera mbali imodzi m'kambale muja. Ululu ukamadzayamba, nthawi zambiri fupa lambiri limakhala litapita kale.

Tiyeni tione manambala, poti ena a inu simukhulupirira kanthu popanda manambala. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza kafukufuku wa akatswiri a ku Bristol, omwe adaphatikiza zolembedwa m'makaundula a mayiko angapo. Adapeza kuti mwa zitsulo za m'chiuno 100 zilizonse, pafupifupi 89 zinali zikugwirabe ntchito patapita zaka 15, pafupifupi 70 patapita zaka 20, ndipo pafupifupi 58 patapita zaka 25. Manambalawa akuphatikiza zifukwa zonse zobwerezera opaleshoni, koma kugwedera ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Tinenenso chilungamo kuti zitsulo zimene zidakwanitsa zaka 25 pofika 2019 zidaikidwa kalekale ndi pulasitiki yakale. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera polyethylene yolimbitsidwa yomwe amaitcha cross-linked, ndipo imatha pang'onopang'ono kwambiri kuposa yakale ija. Choncho amene akuikidwa lero ndi zipangizo zabwino ali ndi mwayi woposa manambalawa. Komabe palibe dokotala woona mtima amene angakulonjezeni kuti chanu sichidzagwedera.

Kafukufuku wina, yemwe adatuluka mu magazini yomweyo mu 2017, ndi amene amatikhudza kwambiri ife. Adayang'ana msinkhu wa wodwala pa nthawi ya opaleshoni. Kwa anthu opitirira zaka 70, mwayi woti adzafunika opaleshoni yachiwiri m'moyo wawo unali pafupifupi 5 pa 100. Kwa abambo ongopitirira kumene zaka 50, unali pafupifupi atatu pa khumi alionse. Chifukwa chake nchodziwikiratu. Wachichepere amayenda kwambiri, amanyamula zolemera, ndipo ali ndi zaka zambiri patsogolo pake zoti athere chitsulocho.

Kodi kuno kwathu amene amaikidwa zitsulozi ndi azaka zingati? Mwamwayi yankho tili nalo. Chipatala cha Beit CURE chitatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, maopaleshoni amenewa adayamba kuchitika mwadongosolo m'dziko muno, ndipo mu 2005 madokotala athu a mafupa adayambitsa kaundula wa dziko lonse wolembamo aliyense woikidwa mfundo yochita kupanga. Chimenechi nchonyaditsa, chifukwa ngakhale England ndi Wales adayambitsa wawo mu 2003, zaka ziwiri zokha m'mbuyo mwathu, ngakhale kuti Sweden idayamba kale mu 1979. Lipoti loyamba la kaundula wathu lidatuluka mu 2009 ndipo lidasonyeza kuti msinkhu wapakati wa odwala unali pafupifupi zaka 52, pamene ku UK umayandikira zaka 70. Lidasonyezanso kuti chifukwa chachikulu sichinali kutha kwa mfundo chifukwa cha ukalamba monga zimakhalira ku Ulaya, koma matenda otchedwa avascular necrosis, pomwe magazi amasiya kufika ku mutu wa fupa la ntchafu ndipo fupalo limafa nkuphwanyika. Matendawa amayenderana ndi zinthu monga sickle cell, kumwa mowa kwambiri, kugwiritsa ntchito mankhwala a steroid kwa nthawi yaitali, kuvulala, komanso HIV. Zonsezi zimagwira anthu adakali ndi mphamvu zawo.

Mwaona tsono pamene pali nkhani? Odwala athu ali m'gulu lomwe lija kafukufuku akuti limabwereranso ku opaleshoni. Mphunzitsi woikidwa chitsulo ali ndi zaka 45 adzakhala atapuma pa ntchito chitsulocho chikamadzakwanitsa zaka 20. Adzakhala kumudzi, akudalira penshoni, ophunzira amene adamusonkhera atabalalika, gulu la WhatsApp litafufutidwa kalekale. Ndipo moyo wakumudzi suchitira chifundo chitsulo. Kuli kulima, kusenza matumba a chimanga, kuyenda mitunda italiitali. Onjezerani kukhala pa mkeka ndi kunjuta pa chimbudzi chokumba, zomwe kwa ena zimaika mfundoyo pa chiopsezo choguluka.

Opaleshoni yachiwiri si yofanana ndi yoyamba. Dokotala amayenera kugumula simenti yakale kapena kuzula chitsulo chomwe mbali ina chidakagwirabe, ndipo pochita zimenezi fupa lina limapita nawo. Pamene fupa ladyeka kwambiri pamafunika kuikapo fupa lina kapena zitsulo zapadera zazitali, zomwe ndi zodula ndipo sizipezeka paliponse. Imatenga nthawi yaitali, magazi amatayika ambiri, ndipo chitsulo chachiwiri kawirikawiri sichikhalitsa ngati choyamba. Koma vuto likaoneka msanga, nthawi zina dokotala amangosintha pulasitiki ndi kampira, zitsulo zogwira fupa nkuzisiya momwemo. Kusiyana kwa ziwirizi, pa ndalama ndi pa kuvutika, kwagona pa X-ray imene munthu adajambulitsa kapena sadajambulitse zaka zitatu m'mbuyomo.

Ndikudziwa ena anena kuti aphunzitsi, mukuopseza anthu, wodwala akawerenga zimenezi akana opaleshoni. Ine sindikugwirizana nazo. Munthu amene mutu wa fupa lake waphwanyika sagona usiku, sangavale yekha nsapato, sangaime mphindi 40 m'kalasi. Kumuuza kuti apirire mpaka adzakwanitse zaka 65 ndi kumulanda zaka zake zabwino, ndipo minofu imafooka akamadikira. Opaleshoniyi ndi imodzi mwa maopaleshoni opambana kwambiri amene azachipatala adatulukira, ndipo amene akuifuna apite ndithu. Chimene ndikukana ndi kumuuza kuti akangoikidwa basi wachira mpaka kalekale. Munthu wamkulu akauzidwa zoona amadziwa kukonzekera. Akabisiridwa, tsiku limene ululu udzabwerera adzaganiza kuti dokotala adalakwitsa kapena kuti wina wamuponda, ndipo adzayamba kupita kolakwika. Ndamvapo za mphunzitsi wina wopuma pa ntchito amene ntchafu itayamba kupweteka patapita zaka zambiri chiikidwire chitsulo, abale adamutengera kokatemera mphini pamalo pomwepo. Tangoganizani, kucheka khungu ndi lumo pafupi ndi chitsulo chimene chimaopa tizilombo kuposa china chilichonse.

Ena anena kuti ngakhale ku UK komweko madokotala ena adayamba kuchepetsa zoitana odwala chaka ndi chaka. Nzoona, kafukufuku wa kumeneko adasonyeza kuti kwa odwala opanda zovuta zina, oikidwa zitsulo za mtundu wodziwika bwino, palibe choopsa kusawaitana m'zaka khumi zoyambirira. Koma adaikapo mfundo ziwiri, kuti wodwala akamva vuto athe kuonana ndi dokotala wa mafupa mwamsanga, komanso kuti pofika zaka khumi ajambulidwe X-ray. Nanga munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje angaonane ndi dokotala wa mafupa mwamsanga motani? Ndipo odwala athu ambiri si okalamba opanda zovuta zina aja. Malangizo a kumeneko sangangotengedwa mmene alili.

Pali chinthu china chimene sichifuna ngakhale tambala imodzi koma timachinyozera, ndicho pepala. Chitsulo chilichonse chimabwera ndi timapepala tomata tosonyeza kampani, mtundu, kukula kwake ndi nambala yake. Timapepalati timamatidwa mu failo ya kuchipatala. Wodwala ali ndi ufulu wopempha kope lake, pamodzi ndi lipoti la opaleshoni ndi X-ray yoyamba. X-ray yoyambayo ndi yofunika chifukwa dokotala amadziwa kuti chitsulo chasendera poyerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale. Popanda chakale amangoganizira. Ndipo pa opaleshoni yachiwiri ayenera kudziwiratu mtundu wa chitsulo kuti aitanitse zipangizo zogwirizana nacho, poti kampira ka kampani ina sikangolowa pa chitsulo cha kampani ina.

Kuti muone kufunika kwake, kumbukirani zimene zidachitika mu 2010. Kampani ya DePuy idaitanitsa chitsulo chake chotchedwa ASR, chomwe chinali chitaikidwa mwa anthu pafupifupi 93,000 pa dziko lonse. Chimenechi chinalibe pulasitiki, chinali chitsulo kukhulana ndi chitsulo, ndipo fumbi lake la cobalt ndi chromium linkawononga minofu mwa anthu ambiri. Kaundula wa ku Australia ndi mmodzi mwa amene adayamba kuona kuti zitsulozi zikulephera msanga. M'mayiko okhala ndi makaundula abwino, odwala adaitanidwa kukayezedwa. Ku India, komwe anthu pafupifupi 4,700 adaikidwa chitsulochi, ambiri a iwo sadapezeke kwa zaka zambiri chifukwa panalibe kaundula wowalondolera. Sindikunena kuti abale athu amene amapita ku India amaikidwa zinthu zoipa ayi, kumeneko kuli madokotala odziwa ntchito. Ndikungofunsa kuti ngati nzika za dziko lomwelo zidavuta kupezeka, nanga Mmalawi amene adakwera ndege nkubwerera ku Mzimba angamupeze ndani? Iye yekha ndiye kaundula wake. Ndipo kabuku kathu ka kuchipatala tonse tikukadziwa, kamanyowa, kamang'ambika, kakadzaza timagula kena chakale nkuyatsira moto.

Choncho pempho langa kwa ife a m'magulu a welfare m'masukulu ndi lakuti tikamasonkhera mnzathu, tisamawerengere opaleshoni ndi tikiti yokha. Tiikeko kangachepe ka mafizo, ndi ka ulendo wokaonana ndi dokotala wa mafupa pa nthawi zimene dokotalayo wanena. Amene akumuperekeza wodwala asachoke pa chipatala asanatenge mapepala aja, ndipo akafika kunyumba awajambule pa foni nkuwatumiza kwa abale awiri kapena atatu. Ngati opaleshoni idachitikira kunja, wodwalayo akabwera akadzionetse kwa dokotala wa mafupa wa kuno ali bwinobwino, asadikire tsiku la mavuto. Ku Blantyre kuli Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central Hospital, chomwe chidatsegulidwa mu 2023.

Kwa inu amene muli nacho kale chitsulo, kapena makolo anu ali nacho, zizindikiro zake ndi izi. Ululu watsopano m'mphechepeche kapena m'thako nthawi zambiri umaloza ku kambale, pamene ululu wa m'ntchafu umaloza ku chitsulo chachitali chija. Ululu wa kugwedera uli ndi khalidwe lake, umabaya mukangodzuka pa mpando nkuponda masitepe oyamba, kenako nkuchepako mukayenda pang'ono, nkudzabweranso mukayenda mtunda. Mwendo ukhoza kuoneka ngati wafupika, kapena munthu nkuyambanso kutsimphina atasiya kale. Musazitche nyamakazi nkumangomwa Brufen mwezi ndi mwezi. Koma ngati ululu ukubwera ngakhale mutagona, thupi likutentha, kapena pa chipsera pakutuluka madzi kaya mafinya, umenewo ndi ulendo wa lero lomwe. Ndipo musayambe mwagula maantibayotiki ku golosale, chifukwa amabisa tizilombo ndipo dokotala akadzatenga madzi a m'mfundo kuti ayeze sapeza kanthu.

Pomaliza ndilankhule ndi inu ana anga amene muli m'zipatala za m'maboma. Ndikudziwa angapo a inu ndinu ma orthopaedic clinical officer, ntchito imene idayambika m'dziko muno mu 1985 ndipo ndi imene yasenza chithandizo cha mafupa kumidzi mpaka lero. Wodwala wa chitsulo akamva kupweteka adzayamba kufika kwa inu, osati kwa dokotala amene adamuchita opaleshoni. Mukaona chipsera chachitali pa chiuno, mufunseni chaka chimene adaikidwa, mufunseni ngati ali ndi X-ray yakale, ndipo pojambula yatsopano muonetsetse kuti chitsulo chonse chaoneka mpaka kunsonga kwake m'ntchafu, poti chithunzi chodula pakati chimabisa pomwe pali vuto. Ndipo mundilembere m'munsimu kuti kwanuko wodwala wotereyu mumamutumiza kuti, komanso amadikira nthawi yaitali bwanji, kuti ndikakhale ndi chonena chenicheni pa msonkhano wa welfare wa teremu ino.